Njere za Tende

Kwa Angozo katundu wa munthu wochokera kunja satsegulidwa mwachisawawa. Mwambowu anauyambitsa a Fabiano Ngozo eniake, zaka zija ankabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni atasenzetsa anthu bokosi lachitsulo kuchokera pamsewu. Bokosilo linkayamba lagona kaye m'nyumba losatsegula, abale amve, asambe, afike pabwalo, kenako mwini wake n'kulitsegula aliyense akuona: bulangete la amayi, chipewa cha amalume, sopo wa mudzi wonse. Ndiye pamene mwana wawo wamkazi Tisungane anatsika minibasi pa Nsipe Lachisanu madzulo akuchokera ku Ejipito, mkuluyo sanataye nthawi n'kufunsa za ndege. Analamula kuti sutikesi ilowe kuchipinda kwawo, idzatsegulidwe Lamulungu anthu akaweruka ku Misa.

Koma panali wina amene Lamulungu linamutalikira.

Sajeni Lufina Nyoni wa polisi ya pa Nsipe anafika pakhomopo Loweruka masana pa njinga yamoto ya kabaza, nsidze zili mbuu ndi fumbi. Anali mayi wamfupi, kwawo ku Biriwiri, wosachuluka mawu, ndipo ambiri ankamuyesa wofatsa mpaka tsiku limene wawakhazika pansi kuwafunsa mafunso. Chimene anayamba kuona sichinali sutikesi ayi. Pakhonde la kanyumba ka kuseri panali mtolo wa zovala womangidwa m'chitenje, beseni ndi mapoto pamwamba pake, ndipo pambali panakhala mayi wachitsikana ataweramitsa mutu. Wapolisi aliyense wa kumudzi amaudziwa mtolo wotere. Umakhala ukwati umene ukutha.

Amene anaimba foni ku polisi anali a Esnath, mlongo wawo wa a Fabiano, azakhali a ana onse pakhomopo, mayi amene mawu awo ankafika kutchalitchi eniake asanatseke chitseko cha nyumba. Mlandu anali atauzenga kale, kugamula n'kugamula. Anati m'mawa iwo ndi Tisungane anapita ku boma kukagula za alendo, pobwera n'kupeza sutikesi ili yasa, nyali ya ku Ejipito palibe. Amene analowa kuchipindako kukakolopa anali mmodzi yekha, mtengwa uyo wakhala apoyo, Selestina, mkazi wa Kingston mwana wamwamuna wa a Fabiano. Mawa m'mamawa akwere minibasi azipita kwawo ku Sharpevale.

"Ife Angozo sitinabepo ngakhale singano, mayi," anatero a Esnath akukonza duku. "Inu mungomufinya atulutse nyaliyo. Za ukwati tathana nazo tokha."

Anthu othamangira kugamula ankamunyansa Lufina kuyambira ali mwana, ndipo unyinji wa zaka za upolisi sunamuchiritse. Anapempha kuti aone chipindacho ndi mwini sutikesi.

* * *

Tisungane anali mzamba pa chipatala china chachikulu ku Lilongwe, ndipo anzake anamusankha kukawaimira ku msonkhano wa azamba a mu Africa ku Hurghada, tauni ya alendo m'mbali mwa Nyanja Yofiira. Azakhali ake anali atalengeza kale kumphakati kuti mwana wa achimwene awo wakaponda pamene anawolokera Mose. Mwiniwakeyo anatsogolera Lufina kuchipinda maso ali psuu ndi kulira, koma atangoyamba kufotokoza za nyaliyo misozi inauma, mawu n'kukwera.

Anati tsiku lomaliza la msonkhano anzake anapita kukasambira, iye n'kulowa mumsika wakale wa tauniyo, mmene mashopu ndi othithikana, fungo la zokometsera ndiwo lili guu, ndipo wogulitsa aliyense amakuitana ngati munayamwa bere limodzi. M'menemo anaona nyali yamkuwa yobowola timabowo ting'onoting'ono, yoti ukayatsa kandulo m'kati mwake khoma lonse limadzaza nyenyezi. Mwini shopu anamukhazika pampando, kumupatsa tiyi m'kagalasi, kenako n'kutchula mtengo woti munthu atha kugulira mbuzi ndi ana ake omwe.

"Ankaona ngati wapeza mzungu wakuda," anatero Tisungane akupukuta mphuno. "Sankadziwa kuti ine ndinakulira pamsewu apa, kugulitsa mbatata ya kachewere pamawindo a mabasi. Tiyi wakeyo ndinamwa, kuthokoza ndinathokoza, ndiye ndinaitembenuza nyaliyo, kumuonetsa pamene panakandika, n'kunyamuka. Ananditsatira mpaka panja, Sajeni, akulumbira pa ana ake. Pomaliza anagwira mutu n'kundifunsa kuti kwanu n'kuti, akuti akazi a kumeneko sakufuna kudzakumana nawonso. Ndinati ku Ntcheu. Basela wake ndinamuuza kuti azokote dzina la ababa pamkuwapo. Anazokota: Ngozo."

Lufina anamwetulira asakufuna. Nayenso anali mwana wa pamsika, ndipo zinamukomera mumtima kuti dzina la Ntcheu linasiya munthu atagwira mutu kutsidya kwa nyanja. Anafunsa chifukwa chake pa zinthu zonse za m'dzikolo anasankha nyali. Tisungane anatsitsa mawu. Anati maso a bambo ake anachita ng'ala, tsopano amangosiyanitsa kuwala ndi mdima basi. Unyamata wawo wonse anautha pansi pa nthaka nyali ili pamphumi, ndipo tsiku lomaliza la ntchito eni mgodi anawalanda nyaliyo pageti. Mpaka lero amati pa zonse zimene anasiya ku Joni, chimene amachisowa ndi chimenecho.

Zina zonse zinalimo m'sutikesimo. Loko inali yokhoma bwinobwino, koma zipi anaiboola ndi msomali n'kuikanula. Masikafu a azimayi, mafuta onunkhira, timphaka tamwala ndi timapiramidi ta ana, palibe chimene chinasuntha. Pansi pake panali za m'shopu yaikulu ya zakudya imene Tisungane analowamo pochoka kumsika: khofi, tsabola wamitundumitundu, ndi tiyi wofiira wa m'paketi yokongola amene alendo onse ankalimbirana. Anati atafika kuhotela n'kutsegula paketiyo anapeza kuti ndi chidede, chomwe chija chimamera chokha kuseri kwa bafa la azakhali. Pamenepo anavomereza kuti Aejipito anamubwezera.

Chokhacho chimene wakuba anakhudza kupatula nyali chinali kabokosi ka tende, zipatso zouma za kanjedza wa kumeneko. Kanali kotsegula, theka lake kulibe. Tisungane anapatsa Lufina chimodzi kuti alawe. Chinali chozuna ngati uchi, chomata m'mano, ndipo pakati pake dzino linagunda njere yolimba, yaitali, yokhala ndi kamzere pamimba. Lufina anailavulira m'dzanja n'kuiponya m'thumba la yunifolomu osaganiza n'komwe, maganizo ali pa funso lina. Ndi wakuba wa mtundu wanji amene amasiya mafuta onunkhira n'kukhala pansi kudya zipatso?

Anafunsa ngati chipatso chilichonse chili ndi njere yoteroyo. Tisungane anati chilichonse. Lufina anagwada, kusuzumira kunsi kwa bedi, kuseri kwa chitseko, n'kutuluka kukayang'ana pansi pa windo. Munthu anadya theka la bokosi m'chipinda chimenechi, koma njere panalibe ngakhale imodzi.

* * *

Selestina anayankha mafunso maso ali pansi, mawu ake ochepa ngati akuwagula. Kukolopa anakolopadi, m'mawa, azakhali asananyamuke, ndipo sutikesi anaisiya yotseka. Atatero anasenza chimanga kupita kuchigayo kukakonza ufa wa alendo a mawa, n'kubwerako dzuwa lili paliwombo. Ufa unali ukadali m'tsitsi ndi m'makutu mwake, umboni umene azakhali sanafune kuuona. Lufina anapita kudzala kumene mayiyo amataya zinyalala n'kufukula ndi kamtengo. Anapezamo makoko a anyezi ndi phulusa, njere ayi.

Atabwerera anafunsa za mwamuna wake. Selestina anati ali kudimba, anachoka kusanache. Lufina anafunsa ngati wamva kuti mkazi wake akumupitikitsa. Selestina anati uthenga unapita.

"Ndiye wati chiyani?"

Mayiyo anakonza mfundo ya mtolo imene inali yomanga kale. Lufina anadikira, kenako n'kumufunsa mwachindunji ngati pali amene akumuganizira.

"Ine ndine wobwera pano, a Sajeni," anatero Selestina. "Wobwera saloza chala pakhomo pa eni ake. Sindinabe. Ndathera pamenepo."

Sanalire, sanapemphe chifundo. Lufina anali ataonapo akuba ambiri akulira ndi osalakwa ambiri akukalipa, koma khalidwe ili linali lina. Kanali kachetechete ka munthu amene akudziwa kanthu ndipo wasankha kupsa nako.

* * *

A Fabiano anali pampando wandalema pansi pa mtengo wa pichesi kumaso kwa nyumba, chipewa chili pabondo. Lufina asanapereke moni, mkuluyo anamuuza kuti akubwerayo ndi munthu wamfupi, ndipo nsapato yake ya kumanja yang'ambika kunsi. Zinali zoona. Mkuluyo anaseka mokondwa, n'kuyamba kudzitama monga amachitira ndi mlendo aliyense. Anati makutu awo ndi amene anawabweretsa amoyo kuchokera ku Joni. Pansi pamgodi mwala usanagwe umayamba walira kaye pang'onopang'ono, ndipo iwo ankaumva makina onse akubangula. Tsiku lina anakuwa pasopa pochenjeza anzawo, gulu lonse n'kuthawa, denga n'kutsika pamene anali ataima. Lero maso anapita, koma pakhomo pano amadziwa aliyense ndi mapazi, ngakhale nkhuku amazisiyanitsa.

Lufina anawayamikira, ndipo sanali kunamizira. Kenako anawafunsa amene anamumva akulowa m'nyumba azimayi onse atachoka.

Chipewa chinatembenuzidwa pabondo. A Fabiano anati sanamve kanthu. Mwina anali atawodzera.

Munthu womva mwala ukulira pansi pa dziko asamve zipi ikukanulidwa m'nyumba mwake momwe? Lufina sanatsutse. Anasintha nkhani n'kufunsa za mwambo wotsegula katundu, kuti unachitika liti komaliza pakhomopo. Mkuluyo anangoti kale, koma a Esnath amene ankamvetsera ali pakhomo la khitchini sakanatha kusunga mawu m'kamwa. Anati za Kingston zija tisazikumbutse, n'kuzikumbutsa okha zonse. Kingston anakhala zaka zingapo ku Joni, mudzi wonse ukudikira kuti adzabwera ndi galimoto. Anabwera pa mabasi a boma aja anakatenga anthu athu nthawi ya zipolowe. Abale atamva kuti wafika anasamba n'kudzadza bwaloli monga mwa mwambo, iye n'kutulukira atanyamula jumbo ya pulasitiki, m'kati muli malaya amodzi ndi mswachi. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akunamizira mbuzi zake.

"Basi, Nangozo," anatero a Fabiano motsitsa. "Wayankhula zokwanira."

Kunali kutentha. Lufina anapisa dzanja m'thumba kufuna kansalu kopukutira thukuta, zala n'kugunda kanthu kolimba. Inali njere ija ya tende. Anaiyang'ana m'dzanja mwake modabwa, osakumbuka n'komwe pamene anaisungira, kenako anaseka yekha chamumtima. Anakumbuka malemu bambo ake ku Biriwiri. Mkulu ameneyo akapita ku ukwati kapena kumaliro ankabwerako matumba a jekete atadzaza njere za malalanje ndi mapichesi zimene ena alavula, amayi n'kumakalipa pochapa. Mwana amalavula njere pansi. Mayi amaisesera kudzala. Koma mlimi wa kumapiri kuno akaona njere imene sanaionepo, dzanja lake silingalole kuitaya, ngakhale atakhala kuti ali pakati pa kuba.

Anaimirira n'kufunsa njira ya kudimba. Chipewa chija cha a Fabiano chinagwa pansi kuchoka pabondo.

* * *

Dimba la Kingston linali kumunsi kwa mudzi, m'mbali mwa kamtsinje, ndipo Lufina atangoliona anaima kaye. Mwana wa mlimi sanamizidwa pa dimba. Kabichi anali wonenepa mofanana mzere wonse, anyezi ali ndi masamba obiriwira bii, ngalande zowongoka, udzu osaoneka. Chakumtunda kunali nazale yofoleredwa ndi udzu, m'kati muli machubu a mbande za mapeyala, malalanje ndi mapichesi. Munthu amene anabwera ndi jumbo ya pulasitiki uja anali ndi manja amene anthu ambiri obwera ndi magalimoto alibe.

Mwiniwake anali wamtali, wowonda, atavala chipewa cha ku Joni chosuluka. Anaika pansi kheni yothirira n'kuyamba kuyankha asanafunsidwe.

"Eishi, Sajeni, ine zimenezo ndangomva. Ndili kuno chichokere m'mamawa, funsani a dimba ilo. Kunyumba kwa ababa sindinapondeko. Mara zimene wabweretsa sisteri sindikuzidziwa n'komwe, kaya ndi nyali kaya ndi chiyani."

Lufina anati sanabwere kudzamugwira, akungoyenda. Anayamikira kabichi, kufunsa kumene amagula mbewu, ndi mmene amathanirana ndi nsabwe za m'masamba. Kingston anamasuka, mapewa n'kutsika, n'kuyamba kufotokoza ndi manja awiri ngati mphunzitsi. Za mkazi wake sanatchule ngakhale kamodzi, ndipo Lufina anazisunga zimenezo. Anayenda naye mpaka kunazale. Kumapeto kwake, pamalo a mthunzi wabwino kuposa ponse, panali mzere wa machubu atsopano, dothi lake lakuda losefa bwino, lothiriridwa kumene, pamwamba atayalapo timaudzu.

Anafunsa kuti m'menemo wafesamo chiyani. Kingston anati mapapaya.

"Mapapaya mwawapatsa ulemu chaka chino," anatero Lufina. Ananjuta, kupisa chala m'chubu choyamba, n'kutulutsa njere yaitali yokhala ndi kamzere pamimba. Anaipukuta pa siketi, kutulutsa inzake ya m'thumba, n'kuziika pamodzi padzanja. Zinali ngati mapasa. "Mtengo wa zimenezi m'boma lonse la Ntcheu mulibe, achimwene. Zinabwera dzulo pa ndege, m'sutikesi imene inu simunaione."

Kingston anayang'ana njerezo. Kenako anakhala pansi pa dothi lonyowalo, chipewa n'kuvula. Chijoni chija chinathera pomwepo, anayankhula Chichewa cha kwawo. Anati anazemba padimba chakum'mawa n'kulowera khomo la kuseri, akufuna kungoona. Usiku wonse sanagone poganiza za Lamulungu, bwalo lomwe lija, anthu omwe aja, nthungululu zikuimbidwira mlongo wake wamng'ono. Atakanula zipi anapeza nyali, n'kuona dzina pamkuwapo.

"Dzina limenelo woyenera kulibweretsa kuchokera kunja ndinali ine," anatero. "Sindimafuna kugulitsa. Ndimangofuna kuti mawa pasowe kanthu, nayenso amveko mmene zimawawira."

Anati atakhala pansi m'chipindamo anayamba kudya zipatsozo ngati mwana, osadziwa chimene akuchita. Njere zake zinamukanika kutaya. Nyali inali mumsasa wa padimbapo, yokulungidwa m'thumba la feteleza.

Lufina anamumvera chisoni, koma chisonicho sichinakhalitse. Anamufunsa ngati akudziwa kuti mapoto a mkazi wake ali pakhonde. Kingston anati ankaganiza kuti azakhali angokalipa n'kusiya, monga amachitira. Apa Lufina anapsa mtima zenizeni, ndipo sanabise.

"Njere mwazipezera mthunzi ndi madzi. Mkazi wanu mwamusiya padzuwa chichokere masana akutchedwa wakuba, iye akudziwa bwinobwino kuti ndinu, osakutchulani. Nyamulani thumbalo nokha. Ine sindikunyamulirani."

* * *

Anakwera chitunda Kingston ali patsogolo, thumba la feteleza lili m'manja. Asanafike n'komwe pa mtengo wa pichesi, a Fabiano anayankhula nkhope itayang'ana kwina.

"Phazi la kumanzere umalikoka, Kingston. Unalikokanso m'mawa kuseri kwa nyumba."

Kingston anagwada, kumasula thumba, n'kuika nyali m'manja mwa bambo ake. Mkuluyo anaisisita pang'onopang'ono, zala zikuyenda pa timabowo mpaka zinapeza malemba. Anawatsata limodzilimodzi, akuwatchula monong'ona. Tisungane anaphimba kukamwa ndi chitenje.

Lufina anafotokoza mwachidule kuti katundu wapezeka, ndipo zotsegula mlandu zili kwa mwini wake. Tisungane anapukusa mutu. Anati sanawoloke nyanja kuti adzamangitse achimwene ake, ndipo akanadziwa akanawauza kuti pansi pa sutikesiyo pali nsapato zatsopano zimene anawagulira.

A Fabiano anaitana mpongozi wawo ndi dzina la mfunda wake, Nambewe. Kwa Angozo mtengwa sayandikira apongozi aamuna, amayankhulira patali atagwada cham'mbali, ndipo Selestina anagwada kumene amagwada masiku onse, pafupi ndi nkhokwe. Mkuluyo anati iwo anamva zonse m'mawa, anadziwa mwana wawo, n'kukhala chete podikira kuti abwere yekha. Podikirapo analola kuti mwana wa eni ake anyozedwe pakhomo pawo. Anati kulakwa kumeneko n'kwawo, osati kwa Esnath yekha, ndipo anamupempha kuti amasule mtolo alowe m'nyumba.

Selestina anawomba m'manja mwaulemu. Kenako anadzutsa mutu, ndipo Lufina anaona nkhope yake bwinobwino koyamba.

"Zikomo Angozo, ndamva. Koma kwathu ndipita ndithu. Uthenga woti ndine wakuba wafika kale ku Sharpevale pa foni ya azakhali, amayi anga aumva. Ndinapitikitsidwa masana anthu akuona. Amene akundifuna akanditenge masana, anthu a kwathu akuona."

Sanatenge mtolo. Analowa m'nyumba, kusintha chitenje, kutsuka ufa wa m'tsitsi, n'kutuluka ndi kachikwama kakang'ono. Wakabaza amene anabweretsa Lufina ndi amene anatengera Selestina kumsewu, mayiyo atakhala chowongoka ngati akupita kukalandira mphotho. Lufina anabwerera ku ofesi wapansi, nsapato yong'ambika ija ikulowa mchenga, ndipo sanadandaule.

Lamulungu anthu ataweruka ku Misa anakhamukira kwa Angozo kukaona za ku Ejipito, koma anapeza chitseko chotseka, sutikesi ili m'kati yosokedwa ndi ulusi. Mawu amene mkulu anasiya anali akuti sitsegulidwa mpaka banja litakwanira.

Nthawi imeneyo Lufina anali pa siteji ya Nsipe akulekanitsa makondakitala awiri olimbirana pasinjala. Atacheuka anaona anthu akupatuka. A Fabiano Ngozo ankabwera pakati pa msewu wafumbi atavala jekete yawo ya ku Joni ndi chipewa chanthenga, Tisungane atawagwira mkono. Pambuyo pawo Kingston anasenza dengu la kabichi wosankha, ndipo kumapeto kwenikweni kunali a Esnath, tambala ali m'khwapa, nkhope ili gwa, akuyang'ana aliyense ngati akumuuza kuti ayerekeze kufunsa. Azimayi ogulitsa kachewere anasiya kuitanira mabasi.

Kondakitala anafuna kulandira nyali ija, imene a Fabiano ananyamula m'manja, kuti aiike kumbuyo ndi katundu wina. Mkuluyo anakana. Anati iyi ikhala pamiyendo pawo, ndipo amene adzaiyatse koyamba ndi Nambewe, pakhonde la amayi ake ku Sharpevale. Kenako anapendeketsa mutu, kumvetsera, n'kumwetulira.

"Sajeni, muli pomwepo. Nsapato ija simunakonzetsebe."

Lufina anawatsegulira yekha chitseko cha kutsogolo, n'kuimitsa magalimoto onse a pamsewu waukulu kuti minibasiyo ilowe bwino. Atabwerera ku ofesi anatenga chitini chakale cha mkaka, kuchiboola kunsi, kudzazamo dothi la kuseri kwa nyumba, n'kukwiriramo njere ija ya m'thumba. Anachiika pamthunzi.